Wapansi kuchoka ku Usisya kukafika ku Ruarwe: ndani anayendapo?

Nambewe_Area25:
Moni nonse m'gulu muno. Ine ndi anzanga a kuntchito timakonda kuyenda m'mapiri. Ku Mulanje tinapita, ku Dedza ndi ku Nkhoma ndiye kunasanduka kwathu. Chaka chino tikufuna kusinthako: tiyende wapansi m'mphepete mwa nyanja, kuchoka ku Usisya kukafika ku Ruarwe, kumpoto kwa Nkhata Bay uko. Pazithunzi zikuoneka zokoma, koma chithunzi sichinena za matuza a kuphazi. Amene anayendapo atiuzeko: mtunda wake ndi wotani, mwezi wabwino ndi uti, ku Usisyako timafikako bwanji, nanga kogona? Tilipo anthu 6, ambiri ndife amayi.

Kanyimbi:
Achemwali, dziko lonseli lili ndi maminibasi, inu mwasankha kumene kulibe ngakhale kabaza? Kkkkk a ku Lilongwe mukakhuta mumasowadi chochita.

Mwana wa ku Usisya:
Musamumvere Kanyimbiyo amama, sanadutsepo pa Jenda. Ine mchombo wanga uli ku Usisya, ngakhale pano ndikukhala ku Mzuzu, ndipo njira imeneyo ndinayamba kuiyenda ndili mwana.

Choyamba chotsani m'mutu zoti m'mphepete mwa nyanja ndiye kuti muzikaponda mchenga. Mchenga wambiri uli ku Usisya komweko, poti Usisya ndi chigwa cholowa m'nyanja, phiri la Mphande litaima pamenepo lokhalokha. Mukangotuluka m'chigwamo kulowera kumpoto, mapiri amachita kugwera m'madzi. Midzi ili m'timagombe ting'onoting'ono, ndipo pakati pa gombe ili ndi linzake pali chitunda. Ndiye mumakwera, n'kutsika, n'kuoloka kamtsinje, n'kudutsa pakati pa nyumba ndi minda ya chinangwa, n'kuyambanso kukwera. Tsiku lonse ndi zomwezo. Palibe chitunda chimodzi choti n'kukuopsani inu amene munakwera Mulanje, koma zimakudya pang'onopang'ono, ndipo oyamba kudandaula ndi maondo.

Mtunda ndi wa makilomita 20 kapena kuyandikira pamenepo. Eni ake amayenda maola 5 katundu ali pamutu. Inu ikani 7 kapena 8, poti muzidzaima kujambula ndi kusamba. Malo ena kanjira kamachepa, kumanzere thanthwe, kumanja madzi ali pansi apo. Ana asukulu amadutsapo tsiku ndi tsiku, koma si poyenda maso ali pafoni.

Chachiwiri ndi dzuwa. Gombe lonselo linayang'ana kum'mawa, ndiye dzuwa likangotuluka m'nyanja limayamba nanu pomwepo, ndipo phiri silikutchingani mpaka madzulo. Nyamukani kusanache bwinobwino, cha m'ma 5 koloko. Pomakwana 10 koloko mukhale mutadya theka la njira.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndionjezereko pa zimene wanena mwana wangayu. Mapiri amagwera m'madzi chonchi chifukwa nyanja yathu ili m'chigwa chachikulu chija cha Rift, pomwe nthaka inang'ambika n'kutitimira. Chiphedi chimene mukuchiona pamwamba chimapitirira chomwecho pansi pa madzi. N'chifukwa chake malo akuya kwambiri a nyanja yonse, pafupifupi mamita 700, ali kumpoto komweko, osati ku Mangochi kapena ku Salima. Pa Senga Bay munthu umalowa kutali madzi akadali m'chiuno. Kumeneko ukangoponda kangapo, pansi pasowa. Amene sadziwa kusambira asakachite matama pamaso pa anzake. Kukacha bwino, kutsidya mumaona mapiri a ku Tanzania.

Nambewe_Area25:
Zikomo adada, zikomo aphunzitsi. Ife timaganiza za Okutobala, pa holide ya Tsiku la Amayi pa 15 paja. Kapena pa 6 Julayi.

Mwana wa ku Usisya:
Okutobala ayi ndithu. Miyala imatentha moti ngakhale agalu amakana kuyenda masana. Mukafika, koma simudzakumbukira chilichonse chokongola. Ine ndikanati Meyi, chapakati pake, pa holide ya Kamuzu. Mvula imakhala itatha kumene, kuli kobiriwira, timitsinje tili ndi madzi oyera, mathithi a Zulunkhuni ku Ruarwe ali odzaza. Kuyambira Disembala mpaka Epulo musayerekeze. Boma la Nkhata Bay limalandira mvula yambiri, ndipo kamtsinje kamene mwakadumpha m'mawa, madzulo kakhoza kukugonekani tsidya lino.

Mwini Chilimira:
Ine ndine wa pamadzi, ndiye ndiyankhule za pamadzi. Julayi ndi wabwino kwa mwendo chifukwa kumazizira, koma ndi mwezi wa mwera. Mwera umachokera kumwera uko, ndipo nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 500, ndiye mafunde pofika kwathu kuno amakhala atakula msinkhu. Ku Ruarwe kulibe msewu. Mukafika, njira zotulukira ndi ziwiri basi: madzi kapena mapazi omwe aja. Mwera ukakwiya maboti amakhala pamtunda, nthawi zina masiku angapo. Ndipo mwini boti akakuuzani kuti lero sitinyamuka, musamunyengerere ndi ndalama. Ena amakopeka nazo, ndiye mumakathera pa wailesi nonse.

Meyi wa achimwenewo ndi wabwino, koma mwera umakhala wayamba kale kugogoda. Ine ndimakonda kumayambiriro kwa Seputembala: mphepo yayamba kufooka, kutentha sikunafike poipa.

Kanyimbi:
"Mumakathera pa wailesi" kkkkk amalume mwandithetsa mankhalu.

Namwino wa ku Zomba:
Ndilowererepo ndi za ntchito yanga. Madzi a m'nyanja ndi oyera m'maso koma musamwe osathira mankhwala. Tengani WaterGuard kapena muziwiritsa, ndipo aliyense akhale ndi malita osachepera 3 pa tsiku loyendalo. Mapaketi a Thanzi asasowe m'chikwama. Neti ya udzudzu tengani yanu, kunyanja malungo sachita nyengo. Za likodzo: nkhono zake zimakonda madzi odekha, osaya, a m'mabango ndi pamadooko pomwe anthu amachapa. Pamiyala pomwe mafunde amamenya chiopsezo n'chochepa, koma sikuti palibiretu. Mukabwerako dikirani milungu 6 mpaka 8 kenako mukayezetse. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi. Kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi n'kungotaya mankhwala, poti tizilomboto timakhala tisanakhwime.

Nsapato zikhale zakale zimene phazi linazolowera. Zatsopano ndi patapata zisiyeni ku Lilongwe.

Mwini Chilimira:
Ndipo pamathiriro a mitsinje musasambe musanafunse. Ng'ona zimakonda pamenepo. Sambani pomwe eni mudzi akusamba, basi.

Nambewe_Area25:
Tamva. Nanga mayendedwe? Ena akuti tikwere Ilala ku Nkhata Bay n'kukatsika ku Usisya.

Mwana wa ku Usisya:
Werengani masiku kaye. Ndondomeko imene tinaizolowera ndi yoti Ilala imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, imachoka pa Nkhata Bay Lamlungu m'mawa, n'kuima pa Usisya, pa Ruarwe, mpaka ku Chilumba. Lolemba m'mawa imadutsanso pa Ruarwe ndi pa Usisya pobwerera. Mukatsika pa Usisya Lamlungu dzuwa lakwera kale, simungayambe ulendo, ndipo Lolemba ikamadutsa pa Ruarwe inu muli m'njira. Ndiye mwaiphonya mpaka sabata yamawa.

Chitani chonchi. Lachinayi gonani ku Mzuzu. Lachisanu tsikirani ku Usisya pa galimoto, pamakhala malole ndi mapikapu onyamula anthu ndi katundu. Msewu wake ndi wafumbi ndipo chitsikireni cha kumapeto n'chotsetsereka kwambiri, galimoto yaing'ono musabwere nayo. Loweruka yendani. Lamlungu pumulani ku Ruarwe, pitani ku mathithi, chapani zovala. Tsiku lomwelo mudzaiona Ilala ikupita kumpoto, ndipo mukaiona ndi maso anu mwadziwa kuti mawa ibwera. Mukapanda kuiona, muli ndi tsiku lonse lofunsira boti. Musananyamuke kwanu funsani kudoko ngati ndondomeko ikadali yomweyo, nyanja ndi imene imalamula nthawi.

Pa Usisya ndi pa Ruarwe palibe doko lomanga. Sitima imaima patali, timaboti take n'kumabwera kudzatenga anthu. Mudzalowa m'madzi mpaka m'maondo, mwina m'chiuno, pamodzi ndi matumba a usipa, malata, nkhuku ndi ana. Foni ndi ndalama zikhale m'jumbo, jumbo ili pamutu.

Mphunzitsi Wopuma:
Mukakwera sitimayo muilemekeze, ndi agogo anu. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Dzinalo ndi la dera la Ilala ku Zambia komwe anafera David Livingstone mu 1873. Dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964, iyo inali itayamba kale kunyamula anthu a m'magombe amenewo.

Jah Bless 265:
Ine ndinayendako ndi anzanga a ku koleji. Abale, malo amene aja ndi paradaiso. Madzi umaona mwala uli pansi, tinsomba ta mbuna ta buluu ndi tachikasu tikuzungulira mapazi ako, nkhwazi ikulira pamtengo. Usiku nyali za asodzi zimandandalika panyanja ngati tauni yoyandama. Palibe phokoso la galimoto, palibe bala, netiweki mwa apo ndi apo. Pemphero langa ndi lakuti asadzamange msewu kumeneko. Akangomanga, kwatha. Kudzadzaza mabotolo ndi zimasipika ngati magombe ena tikuwadziwa aja.

NyaMhango:
Ndimangowerenga mwakachetechete, koma apa pokha ndiyankhe. Achimwene, inu munakhalako kumapeto a sabata. Ine ndinakulira m'mudzi wina pakati pa Usisya ndi Ruarwe, amayi anga ali komweko mpaka lero.

Mkulu wanga matenda a uchembere anamuyamba usiku, mu Julayi, mwera uli pachimake. Zinthu zitavuta anati apite kuchipatala chachikulu. Boti panalibe loti n'kulowa m'madzi amene aja. Amuna a m'mudzi anamanga machira ndi mitengo iwiri ndi bulangete, n'kumunyamula pa kanjira komweko kamene inu mukuti kokongola, wina kutsogolo ndi tochi, akusinthana pamapewa. Pamalo opapatiza paja anthu anayi sangayende mogundizana, ndiye awiri okha ndi amene amanyamula, enawo atagwira malaya awo kumbuyo. Anafika kwacha. Iye anapulumuka, mwana ayi.

Thumba la simenti pofika kwathu limakhala litakwera galimoto, boti ndi mutu wa munthu, ndipo aliyense walipidwa. Mphunzitsi akatumizidwa kwathu amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka asanamasule n'katundu yemwe. Ndiye mukamapemphera kuti msewu usabwere, dziwani kuti kuli anthu akupemphera mosemphana nanu, ndipo iwo amapemphera tsiku lililonse.

Sindikuletsa anthu kupita. Pitani, n'kokongoladi, inenso ndikafika pachitunda china n'kuona gombe la kwathu pansi ndimagwetsa misozi. Koma imene ija si njira yokaonera malo. Ndi msewu wathu waukulu. Ndi momwe timapitira kusukulu, kuchigayo, kumaliro, kuchipatala.

Jah Bless 265:
Pepani kwambiri amama. Sindinaganize mpaka pamenepo.

Kanyimbi:
Apa nane ndakhala chete. Pepani mayi.

Mwini Chilimira:
NyaMhango wanena zoona zokhazokha. Komabe kunena mosabisa, msewu wa m'mphepete mwenimweni mwa nyanja pamenepo ndi wovuta, ungafune kuswa mathanthwe mtunda wonsewo. Chimene chingapulumutse anthu msanga ndi boti lalikulu la injini lokhalira odwala, mafuta ali momwemo nthawi zonse, ndiponso sitima yodutsa kawiri kapena katatu pa sabata mmalo mwa kamodzi. Msewu wathu ife ndi madzi. Akonze umenewo kaye.

NyaMhango:
Boti pa mwera, adada? Mwanena nokha pamwambapa kuti limakhala pamtunda.

Mwini Chilimira:
La matabwa inde. Ndikunena boti lenileni. Koma ndavomera, pali usiku wina woti ngakhale limenelo silingatuluke.

Mphunzitsi Wopuma:
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo Jah Bless naye sananame kuti msewu umabwera ndi zake. Walira mvula walira matope. Kungoti amene ayenera kusankha matopewo ndi amene amagona kumeneko, osati ife a pa Facebook.

Wa ku Joni:
Moni kumudzi. Ine ndili ku Eastern Cape kuno, agogo anga anali a ku Nkhata Bay, mwa aja ankabwera kumigodi kalekale. Kuno kuli njira yofanana ndi imeneyo ku Wild Coast, kuchoka ku Port St Johns kukafika ku Coffee Bay, anthu amayenda masiku 5 m'mphepete mwa nyanja yamchere. Chimene ndinachikonda n'chakuti amakuperekeza ndi anyamata a m'midzi yomweyo, umagona m'nyumba za anthu, chakudya amaphika ndi amayi a pamudzi, pamitsinje amakuolotsa ndi eni mabwato, ndipo aliyense amalandira yake. Mlendo akadutsa, mudzi umatsala ndi kanthu. Kwathuko anthu amabwera ndi tenti, masikono ndi zam'chitini zogula ku Mzuzu, n'kudutsa osasiya ngakhale K500. Ndiye mwini mudzi aone chokoma chanji pa alendo otere?

Nambewe_Area25:
Mfundo imeneyo yandilowa. Ife timati tinyamule zakudya zathu zonse kuti tisavutitse anthu.

NyaMhango:
Kugula si kuvutitsa, asisi. Nyamulani madzi, mtedza ndi tiyi wanu, zinazo mukagule komweko. Nthochi zilipo, chinangwa chilipo, usipa uli pamathandala, mukachita mwayi mupeza batala kapena kampango wa m'mawa womwewo. Mukapempha mayi wina kuti akuphikireni kondowole, mulipireni bwino, osati kumangoti zikomo kwambiri. Ndalama zikhale zapamanja ndiponso zing'onozing'ono, za pafoni musadalire.

Kondowoleyo ndikuchenjezeni, amene munakulira mgaiwa musakadye wambiri m'mawa wa ulendo. Amakhala m'mimba mpaka madzulo.

Kanyimbi:
Ndipo satafuna, amangomeza. Ine ndinayesa kutafuna ku Chintheche, nsagwada zinagwirana mpaka Lachiwiri.

Mwana wa ku Usisya:
Ndiye unadutsapo pa Jenda eti? Kkkk.

Amama Nambewe, za ulemu ndinene pang'ono, chifukwa n'zimene alendo amalakwitsa kwambiri. Tengani mnyamata kapena mtsikana wa ku Usisya akuperekezeni, mugwirizane mtengo musananyamuke, ndipo muwerengere kuti iye abwereranso wapansi. Kusochera kwenikweni n'kovuta poti nyanja ili kumanja nthawi zonse, koma tinjira ta kuminda ndi tambiri ndipo mukhoza kukwera chitunda chaulere. Chachikulu n'chakuti iye amadziwa pomwe pali manda, pomwe pali dooko la amayi ndi la abambo. Njira imadutsa pafupi ndi malo osambira. Abambo muli nawowo akamayandikira dooko la amayi aziima, woperekezayo ayambe waodira. Kamera pamenepo ibwerere m'chikwama. Nkhalango yowirira pafupi ndi mudzi kawirikawiri ndi manda, si kokadzithandizira.

Moni perekani kwa aliyense. Kumeneko anthu amayankhula Chitumbuka, ena Chitonga, Chichewa amamva ndithu, koma mukayamba ndi "monire" nkhope zimamasuka. Mukakumana ndi wosenza katundu pamalo opapatiza, inu ndi amene mupatuke, muime mbali ya kuphiri. Amayi mangani chitenje pamwamba pa zothina zanu zoyendera zija mukamalowa m'mudzi. Ngati mukufuna kukhoma tenti, yambani mwaonekera kwa a mfumu. Ku Usisya ndi ku Ruarwe malo ogona alendo amakhalapo, koma funsani kusanatsale sabata kuti mudziwe amene akugwira ntchito nthawi imeneyo.

NyaMhango:
Ndipo ana musawagawire maswiti kapena ndalama m'njira. Azungu ena anayambitsa zimenezo, lero mwana akaona chikwama chachikulu amathawa m'kalasi. Ngati muli ndi makope kapena mabuku, kasiyeni kwa aphunzitsi aakulu.

Jah Bless 265:
Chimodzi chokha ndionjezere, mopanda kupemphera zolakwika ulendo uno. Mukaona chinthu chakuda chikukwera panyanja ngati utsi, si moto, ndi nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka tonga udzudzu. Timatuluka m'madzi miyandamiyanda, makamaka mwezi ukakhala mumdima. Mphepo ikatikankhira kumtunda tsekani pakamwa. Amayi amatikola ndi malichero n'kuumba timikate, ndiwo yake ndi yabwino ndithu.

Namwino wa ku Zomba:
Ndipo pagulu lanulo ngati pali wa BP, shuga kapena mphumu, mankhwala atenge opitirira masiku a ulendo. Mwamva nokha kuti mwera ukhoza kukusungani.

Nambewe_Area25:
Ndawerengera anzanga zonsezi pa nkhomaliro. Mmodzi wa abambo aja wayamba kale kunena kuti bondo lake linavulala ku mpira mu 2009 kkkk. Tagwirizana sabata yoyamba ya Seputembala, monga ananenera a Chilimira, ndipo titsata masiku a adada a ku Usisya. Zam'chitini tazichotsa pa mndandanda. Adada, tithandizeni kupeza wotiperekeza, makamaka mtsikana ngati alipo woidziwa bwino njirayo.

Mwana wa ku Usisya:
Alipo ambiri, ndi amene amasenza usipa pa njira imeneyo. Ndifunsa kumudzi ndikuuzani kumbali.

NyaMhango:
Asisi, poti mukudutsa pakhomo penipeni pa amayi anga, ndingakupatsireni kakatundu? Kwathu munthu sadutsa njira imene ija chimanjamanja.

Nambewe_Area25:
Bweretsani asisi. Kakulemera bwanji?

NyaMhango:
Shuga mapaketi awiri, nsapato za sukulu za mwana wa mlongo wanga, ndi batire la sola.

Nambewe_Area25:
Shuga ndi nsapato ndanyamula ine. Batirelo ndi lalikulu bwanji?

NyaMhango:
Laling'ono, longa la njinga yamoto.

Kanyimbi:
Limenelo mupatseni wa bondo uja. Ndipo ngati malo alipo ndilembeni, ndikhale wa 7. Ine ndinyamula mbale ndi sipuni.